Foni Yogwera mu Ndowa

Basi inachedwa. Pa siteji, mayi wina wonyamula dengu anayamba kucheza ndi mtsikana amene ankawerenga buku pabenchi.

"Ndinu a kuyunivesite, mwanangu? Mumaphunzira chiyani?"

"Zamalamulo, mayi. Koma pambali ndimaphunzirako za sayansi, zipangizo zamakono ndi moyo wa anthu."

"Mulungu ndi wabwino. Tandikonzereni foni iyi. Ndi ya bambo a kunyumba, inagwera mu ndowa."

"Ife sitikonza ayi. Timangofufuza mmene zipangizozi zikusinthira anthu."

"Osaitsegula n'komwe?"

"Osaitsegula. Timafunsa mafunso. Mwachitsanzo, foniyi isanafe, bambo ankatani akaweruka kuntchito?"

"Ankangoti chala pagalasi, kumaseka okha. Ukawafunsa kanthu, yankho linali 'mmm.'"

"Nanga pano?"

"Pano amacheza nane. Ndikamaphika ali pakhomo la khitchini, ndikamachapa ali pambali panga. Dzulo anandifotokozera mpira wonse umene anaonera chibadwire."

"Mwaonatu? Timaphunzira zimenezo. Musaikonzetse foniyo, banja lanu labwerera mwakale."

"Mwanangu, ndinkapemphera ndithu kuti bambowa azindiyankhula, koma sindinkadziwa kuti nkhani anasunga zochuluka chonchi. Makutu angawa atopa. M'kalasi mwanumo mulibe ngakhale mmodzi wodziwa kugwira sikuludiraiva?"