Miyambi Mazana Atatu ya Clive

Ba Wilbroad, amalume ake a Towela, anaitanitsa Clive kunyumba kwawo ku Kabwata kuti aone ngati akuyenera kukwatira mwana wa mlongo wawo. Clive anabwera ndi laputopu kuti aonetse ntchito ya manja ake.

"Kapulogalamu aka ndinalemba ndekha, amalume. Mukalemba mawu oti 'mwambi' pamalo akudawa n'kudina batani ili, kamatulutsa mwambi."

"Kuti chichitike n'chiyani?"

"Palibe. Kamangotulutsa basi."

"Kafunse za iweyo."

"Sikamva, amalume. Kamangotola paliponse pa miyambi imene ndinaikamo."

"Dina!"

Clive anadina. Ba Wilbroad anavala magalasi n'kuwerenga mokweza: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Anamuyang'ana Clive kuyambira pakhosi mpaka kunsapato.

"Ehe! Suti iyi ndi yako?"

"Ndi ya msuweni wanga wa ku Chelstone. Koma iko sikadziwa zimenezo!"

"Sikadziwa, koma kanena. Dinanso."

Panatuluka: "Walira mvula walira matope."

"Mayo! Kakuchenjeza Towela."

"Towela sikamudziwa. Ngakhale galu wanu ataponda batanili, kangamuuze zomwezo."

"Ndiye ine ndi galu ndife amodzi?"

"Kwa kapulogalamuka, inde, amalume."

Ba Wilbroad anaimirira n'kuloza pakhomo. Clive, ponyamula laputopu, anakhudza batani lija mwangozi. Ba Wilbroad anasuzumira: "Safunsa anadya phula." Anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

"Chabwino, ndifunse. Kamayamba kamvetsera nkhani kasanayankhe?"

"Ayi."

"Tanthauzo la miyambiyo kamalidziwa?"

"Ngakhale pang'ono."

"Nanga kakanena mwambi wosagwirizana ndi nkhani, anthu amatani?"

"Amagwedeza mutu, n'kudzipezera okha tanthauzo."

Ba Wilbroad anadzuka. Kenako anakatseka chitseko cha kukhitchini kuti akazi awo asamve, n'kukokera mpando pafupi ndi Clive.

"Mwana wanga, zaka makumi awiri ndakhala nkhoswe ya maukwati a kumpingo kwathu ndili ndi miyambi isanu yokha. Masiku ano ndikangoyamba, azimayi amandimalizira. Loweruka ndili ndi mlandu wa banja ku Lilayi. Muli ingati umu?"

"Mazana atatu ndi khumi ndi iwiri. Koma amalume, ndanena kale, sikathandiza chilichonse."

"Iwe, khala chete. Towela tenga. Laputopu siya."