Chishango cha Abambo Akunyumba

Pasiteji ya basi za ku Mtenguleni, mayi wonyamula chishango anakhala pafupi ndi bambo wina amene ankamvetsera wailesi.

"Ku mwambo wa Ncwala mukavina ndinu, amayi?"

"N'cha abambo akunyumba. Anagwa pangolo, msana unathyoka, miyendo inafa. Akuti ndikapereke kwa ang'ono awo."

"Pepani. Pawailesipa ananena kuti kunja akuyesa mankhwala odzutsa mitsempha ya mumsana kuti imerenso. Makoswe olumala ayamba kusuntha miyendo."

"Nanga anthu?"

"Kwa anthu sanafike. Ndisakunamizeni."

"Abambo akunyumbawo akamva anzawo akuimba ngoma, amandiitana ndione ngati zala zakumapazi zikugwedera."

"Zimagwedera?"

"Ayi. Makoswewo anali aakulu kale, kapena ana?"

"Akuti aakulu."

"Basi, alamuwo ndikawauza kuti chishangochi ndangowabwereka. Ncwala ikatha abweze."