Kakiyi pa Foni ya Mkazi Wanga

Lachitatu, 14 Ogasiti 2024. Analipo ndi wapolisi wolemba umboniwu ndi mwini mawu.

Ine, Ambrose Namakhwa, wa zaka 41, telala, kwathu ndi kwa Kalembo m'boma la Balaka, koma ndimakhala chikamwini pa Nsanama.

Lolemba pa 5 Ogasiti, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mkazi wanga Nelia anapatsidwa foni ndi kampani yomwe amaigulira nandolo. Anaibweretsa ndi a Lloyd, woona za makompyuta pa kampaniyo. Anakhala pabenchi limodzi mphindi 35. Ndinkawaona ndili pa makina anga osokera, mtunda wa mapazi 20. Anaseka kanayi.

Madzulo ndinaona kachizindikiro ka kakiyi pamwamba pa galasi la foniyo. Nelia anati ndi VPN, ndipo a Lloyd aitchera kuti izilumikiza yokha foni ikangoyaka, zolemba zizidutsa njira yobisika, wina asaziwerenge. Ndinafunsa kuti winayo ndani. Anati, "Akuba, bambo a Jane. Inu ndinu wakuba?"

Pa 6, pa 7 ndi pa 8 ndinazimitsa foniyo n'kuyatsanso, Nelia ali kubafa. Masiku onse atatu kakiyi kanabwera kokha, pansi pake palembedwa Johannesburg. Elliam, amene anafunsira Nelia ine ndisanabwere, ali ku Joni kuyambira 2017.

Lachisanu pa 9, nthawi ya 5 koloko m'mawa, ndinatenga foniyo n'kuikwirira m'thumba la chimanga. Nelia anaifuna mpaka 11 koloko. Anandifunsa kawiri, ndinati sindinaione. Masiku anayi sanagule nandolo, ndipo Lolemba pa 12 a kukampani anamuuza kuti ayambe waima ntchito.

Dzulo a Lloyd anabwera ndi apolisi awiri. Ndinatulutsa foniyo ndekha, yosasweka. Ndinafunsa a Lloyd chifukwa chomwe analumikizira mkazi wanga ku Joni. Anati, "Achimwene, ku Joni kuli makina, si munthu." Anayatsa foni yawo, nayonso inalemba Johannesburg. Anati mafoni onse 16 a kampaniyo anawatchera chimodzimodzi. Ndinafunsa ngati eni mafoni onsewo anakhala nawo mphindi 35. Wapolisi mmodzi anatembenukira kukhoma.

Sindinabe foniyo. Ndinaisunga m'nyumba momwe mwini wake amagona.

Dzulo lomwelo, nditabwerera kunyumba kuchokera kupolisi cha m'ma 4 koloko madzulo, ndinapeza makina anga osokera, sizasi, malaya atatu ndi njinga zili pakhonde. Malume ake a Nelia, a Godfrey, anali pampando pakhomo. Anati mkamwini wokwirira ntchito ya mkazi wake m'chimanga akayambe wapuma kwawo. Ndinapempha kulankhula ndi Nelia. Anayankha ali m'kati, chitseko chili chotseka, kuti, "Pitani mukawafunse a ku Joniwo." Kuchoka pano ndikwera ya ku Balaka.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo andiwerengera ndavomera.

Wosaina: Ambrose Namakhwa