Ku Bangwe Kulibe Mphepo

Chaka chimene amayi anamwalira, 1987, ine nditasiya koleji n'kumangokhala pakhomo, kampani ina inafuna kuimika zimakina zamapiko paphiri la Bangwe kuti mphepo izipanga magetsi. Anakhoma kachitsulo ka zikho zitatu padenga pathu kuti kazizungulira n'kumawerenga mphepo, natiuza kuti ikapezeka yokwanira nyumba zonse zakumtunda zidzagwetsedwa, yathu pamodzi ndi khola la nkhunda za amayi.

Ababa, a Salehe, anali mmisiri wokhoma ndowa. Ataona kuti nkhunda zikuopa kutera, tsiku lachiwiri lomwe anakwera padenga n'kukamanga kachitsuloko ndi waya. Za kusamuka sanazilabadire, ankati ndi nkhani za m'maofesi.

Patatha mwezi, chiperoni chikuomba, kunabwera a Venansio, kalaliki wa kampaniyo, fomu ili m'khwapa, dzanja lina lili pachipewa. Anatsegula kabokosi ka manambala kamene kanali pakhoma, n'kulemba.

"Bambo, kuno kulibe mphepo."

Ababa anaika nyundo pansi. "Mwati kulibe chiyani, achimwene?"

"Mphepo. Nambala yanu ndi 14. Ku Soche yapitirira 9,000."

"Nanga chipewacho mwachigwiriranji?"

"Chingauluke."

"Chiuluke ndi chiyani?"

"Zimenezo pafomu sanafunse."

Ndinayesa kutsokomola kuti ababa andiyang'ane, koma anali atayamba kale. Anati malata athu awakhomanso katatu. Anati miyala ili padengayo si yokongoletsa nyumba. Anatchulanso siketi ya amayi Evelina apafupi, imene inachoka pachingwe Lolemba n'kukapezeka kumsika Lachitatu. A Venansio anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati alipo amene anayeza liwiro la siketiyo.

Poona kuti palibe, anatembenuza tsamba.

"Kodi pali mbalame zodutsa pamene padzaime makinawo?"

"Nkhunda makumi atatu, m'mawa uliwonse."

"Zakutchire?"

"Za mkazi wanga."

"Ndiye ndi ziweto. Ziweto zili apa: ng'ombe, mbuzi, nkhumba."

"Nkhumba? Pakhomo pa Salehe?"

"Ndachonga kuti ayi."

Anafufuza fomu yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, koma malo a nkhunda sanawapeze. Pomaliza anati mwina zingalowe m'munsi, pa "zina ndi zina", bola mwini wake asayine yekha. Anafunsa ngati amayiwo ali m'nyumba.

"Tinawaika mu Juni," anatero ababa. "Chibayo. Ankadzuka m'mamawa kukapatsa nkhundazo madeya, atangofunda kansalu kamodzi. Mphepo imene inanditengera mkazi ndi yomweyi mukuti kulibeyi."

A Venansio anavula chipewa n'kuchipanira pachifuwa. Anapepesa bwinobwino, ndi kalilime kawo ka ku Nsanje, nati nawonso anaika mwana chaka chatha. Pamwamba pathu malata ankangolira. Kenako anayang'ananso m'kabokosi muja, ngati munthu wofunitsitsa kuthandiza.

"Koma ikadali 14, bambo."

Funso lotsatira linali lakuti kodi mwini nyumba akutsutsana ndi chitukukochi. Masiku amenewo funso lotere linali ndi yankho limodzi lokha, ndipo Bangwe yense analiyankha kale. Ababa anatulutsa khadi lachipani m'thumba, naliika pandowa. Anati iwo satsutsana ndi aliyense, chimene akukana n'choti boma lisunge bodza m'fayilo, pomwe manda ali apo.

"Kachitsuloko ndinakamanga ine," anatero. "Ndi waya. Kwerani mukaone."

Anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa pamenepa, ndipo pakhomopo tinali titatsala awiri okha.

"Sindingakwere," anatero a Venansio.

"Makwerero ndi awo."

"Okwera padenga ndi a gawo lina. Ine ndine wa kabokosi."

"Ndiye ingoyang'anani kumwamba. Kakuoneka pompano. Kodi kakuzungulira?"

A Venansio anakweza maso, nayang'ana nthawi ndithu. "Sikakuzungulira."

"Ee! Mwaona tsopano?"

"Ndaona. Zikugwirizana ndi nambala."

Ababa anagwira m'chiuno, anayenda mpaka pampanda n'kubwerera. Anafunsa kuti okwera padengawo abwera liti, kuti alankhule ndi anthu amaso. A Venansio anafotokoza kuti amenewo amapita kokha kumene kwapezeka mphepo, kukapaka penti yofiira pa nyumba zoti zigwe.

"Nanga kumene sinapezeke?"

"Sapitako. Fayilo imatsekedwa."

"Nyumba?"

"Zimatsala."

"Ndi makola omwe?"

"Makola sali pafomu, koma sindikuona wodzawagwetsa."

Ababa anatembenukira kukhola, kumene nkhunda zinali zitaunjikana kumbali yopanda mphepo, pathabwa limene amayi ankaikapo mbale ya madeya. Mbaleyo inali pomwepo. Palibe wa ife amene anali atalimba mtima kuichotsa.

Nthawi yomweyo chiperoni chinaomba mwaukali, n'kutsomphola fomu m'manja mwa a Venansio. Inadumpha mpanda, kulunjika kuchigwa. Ababa, munthu amene ankadandaula mawondo ngakhale popita kumzikiti, anaithamangira ngati mnyamata. Silipasi imodzi inatsala panjira, kofia inapita kwake. Anabwerera akupuma movutikira, anawongola pepalalo pabondo, naliika pandowa n'kulitsindira ndi nyundo.

A Venansio anathokoza, natsegula cholembera.

"Popeza simukugwirizana ndi nambalayi, bambo, malo a madandaulo alipo. Mukasayina apa, fayilo sitsekedwa, abwera kudzayezanso."

Ababa anaphimba malowo ndi chikhatho. Mkanjo wawo unali petupetu, ndipo anachita kukweza mawu kuti amveke pamwamba pa phokoso la malata.

"Siyani momwe mwalemberamo, achimwene. Kuno timachita kudzikupiza ndi mbale."