Mawu a bashi Mwila anatsekeka m'kabokosi kakuda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene mukuwerengera izi. Ine ndine bana Mwila, kutanthauza mayi ake a Mwila, wa ku Chelstone kuno ku Lusaka, mayi wamasiye. Amuna anga anamwalira ndi khansa ya pakhosi, koma lero sindikulemba za imfa yawo. Ndikulemba za mmene ndinatsala pang'ono kuwataya kachiwiri, mawu awo atatsekeka m'kabokosi kamene sindinkadziwa katsegulidwe kake.

Amuna angawo, bashi Mwila, kutanthauza bambo ake a Mwila, dzina lawo Mumba, ankagwira ntchito yolumikiza makompyuta m'maofesi ndi m'masukulu, ija amati netiweki. Ankachoka m'mawa ndi makwerero komanso mpukutu wa zingwe za buluu, n'kubwera madzulo ali fumbi lokhalokha chifukwa chokwawa m'madenga a anthu ku Longacres ndi ku Kabulonga. Ntchitoyo inawatsatira mpaka kunyumba. Kuseri kwa TV yathu kunali rauta yotipatsa intaneti, ndi kabokosi kena kakuda kosungiramo zithunzi ndi mafayilo komwe ankakatchula kuti seva, zingwe zili piringupiringu. Ine ndine telala, za makompyuta sizinkandilowa m'mutu. Akayamba kundifotokozera ndinkawadula kuti ine ndikungofuna foni igwire basi, ndipo zingwe zawozo tsiku lina ndidzayanikapo zovala. Ankaseka mokweza mpaka a nyumba yoyandikana nayo ankadziwa kuti bambo afika.

Madokotala atanena kuti opaleshoni idzawachotsera mawu, iwo sanalire. Anayamba kudzitsekera kuchipinda masana, mwana wathu Mwila ali kusukulu, n'kumajambula mawu awo. Tsiku lina anatuluka n'kundiuza kuti, "Vonse nafaka pa seva, bana Mwila. Mukanifuna muzanipeza pamene apo." Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula ngati munthu wotsanzika. Sindinamvetsere ngakhale chimodzi mwa zimene anajambulazo, chifukwa mwini wake anali pomwepo ndipo ndinkakhulupirira kuti achira. Opaleshoni itatha anakhala nafe miyezi ingapo akuloza ndi chala, akufuna kulankhula kukungotuluka mpweya. Kenako Ambuye anawatenga.

Mukudziwa mmene timachitira pamaliro. Mipando yonse imatulutsidwa panja kuti akhalepo azibambo, azimayi n'kukhala pansi m'nyumba. Amayi a kumpingo kwathu anafika mwamsanga, ndipo ndisanapukute n'komwe misozi balaza linali mbee. Zingwe zonse anazizula n'kuziponya m'katoni limodzi ndi rauta ndi seva. Sindiwaimba mlandu, anachita zimenezi mwa chikondi, ndipo ine ndemwe ndazulapo zingwe m'nyumba za anzanga oferedwa osaganiza kawiri. Titaika maliro achibale anagawana zinthu za malemu monga mwa mwambo. Foni inapita kwa mng'ono wawo, alamu anga a Chanda, ndipo poti inali yokhoma anakaifufutitsa yonse. A Chanda omwewo analumikizanso rauta kuti alendo otsala apeze intaneti. Pasiwedi sankaidziwa, ndiye anatenga phini n'kubaya kabowo kali kumbuyo kwake, rauta n'kuiwala zonse zimene mwini wake anaikonzera. Intaneti inabwera, aliyense anawayamikira. Seva nayo anaibwezera pamalo pake, kanyali kake kanayaka, ndipo ine ndinati zonse zili bwino.

Panapita miyezi ndisanalimbe mtima kuti ndimvetsere. Tsiku lina ndikuluka Mwila tsitsi pakhonde, anandifunsa asanatembenuke n'komwe. "Mami, dadi benze kukamba bwanji? Nayesa kukumbukila, koma mau yao siyabwela."

Manja anga anaima. Ndinayesa ine ndemwe kuwakumbukira mawuwo, ndipo chimene chinabwera m'makutu mwanga ndi kampweya kaja ka pambuyo pa opaleshoni. Zaka zonse zija za m'banja, ine n'kulephera kumva mmene amuna anga ankanditchulira dzina. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinasiya mwana tsitsi lili theka, n'kutsegula laputopu ya panyumba ndi kudina pamene ndinkawaona akudina. Inazungulira, inazungulira, kenako n'kunena kuti seva sikupezeka. Ndinazimitsa, kuyatsa, kupukuta fumbi, kuyembekezera magetsi akabweranso, koma ayi ndithu. A Chanda atabwera anasuzumira kuseri kwa TV n'kunena kuti, "Mulamu, intaneti isebenza bwino, so vuto si ine. Ka bokosi aka kafa chabe."

Ndinakakulunga m'chitenje n'kukwera basi ya mutauni. Pa shopu ina yokonza makompyuta bambo wake anakatsegula, n'kuchotsa disiki yosunga mafayilo ndi kuilumikiza ku kompyuta yake. Anayang'ana pang'ono n'kugwedeza mutu. "Mami, mulibe vilivonse umu. Tiifomate chabe, izankala monga nyowani." Nditafunsa kuti kufomata n'chiyani, anati n'kufufuta zonse. Abale, ine ndili ndi kamtima kapachala, ndipo tsiku limenelo Mulungu anakagwiritsa ntchito. Ndinamugwira dzanja lisanadine, n'kumuuza kuti abwezere disikiyo mmene anaipezera ndisanaitane tauni yonse. Koma mawu ake ndinapita nawo. Mu basi yobwerera ku Chelstone ndinalira njira yonse kabokosi kali pamiyendo, ndipo mayi amene ndinakhala naye anangondisisita pamsana.

Nthawi imeneyo inandipweteka kuposa ya maliro, chifukwa pamaliro pamakhala anthu, koma ichi ndinachisenza ndekha. Ukauza munthu kuti ukulirira mawu, amakuyang'ana ngati wasokonekera. Kutchalitchi ndinkapita koma kuimba ndinasiya. Mwila anasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinadziwa kuti akundimvera chisoni. M'mawa wina atapita kusukulu ndinagwada pafupi ndi makina anga osokera, ndipo sindinapemphere mwaulemu ayi. Ndinati, Ambuye, munatenga munthu ndinavomera, nanga mawu okhawa mukuwafuniranji? Kumwamba kuli oimba ambiri, ine ndili ndi mwana mmodzi amene akuiwala bambo ake. Ndinadzuka mawondo akuwawa, osamva yankho lililonse.

Sabata yomweyo kugeti kunaima galimoto, ndipo ndinamva mayi akuitana mwaukali. "Odi! Ba Mumba baliko? Foni sibayanka, nchito yanga yaimilila!" Ndinatuluka nditakonzeka kumubwezera, koma iye ataona zovala zanga zakuda ukali wonse unamuthera. Anali a Mutinta a ku Woodlands, oyang'anira makompyuta pa sukulu ina ku Kabulonga. Amuna anga ndi amene ankawayalira zingwe, ndipo anali atawalonjeza ntchito ya mdadada watsopano wa pasukulupo. A Mutintawo anali kunja kwa dziko kumaphunziro, za matenda ndi maliro sanamve. Anakhala pansi pakhonde ndi suti yawo yomweyo n'kuyamba kulira, ine wamasiye n'kukhala wowatonthoza. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa, koma ndinawauza zonse, mpaka za bambo wa mutauni uja.

Anapukuta m'maso n'kupempha kuti aone. Atagwada kuseri kwa TV anafunsa kuti, "Ndani anagwila rauta iyi?" Nditawauza za phini ija anapuma mozama, kenako anandikhazika pansi n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno sindinamudule munthu.

Anati chipangizo chilichonse cha pa netiweki chimakhala ndi nambala yake, amaitcha adiresi ya IP, monga mmene nyumba iliyonse kuno ilili ndi nambala ya puloti. Rauta ndi imene imagawa manambalawo kwa mafoni ndi malaputopu, ndipo uthenga uliwonse umayenda potsata nambala. Koma anthu a ntchito yawo seva saisiyira rauta, amailembera okha nambala yokhazikika kuti isamasinthesinthe. Rauta itabayidwa inayamba kugawa manambala a mtundu wina, seva n'kutsala ndi yakale. Zinali ngati komboni yonse yapatsidwa manambala atsopano kupatula nyumba imodzi, ndiye wofunafuna amangodutsa pakhomo pake eni ake ali momwemo. Za bambo wa mutauni anati kompyuta yake sinkadziwa kuwerenga kalembedwe ka disiki ya seva, ndiye inangoti mulibe kanthu. Anandichenjezanso kuti sakulonjeza, chifukwa disiki imene yayenda m'mabasi ikhoza kuwonongeka.

Anatenga chingwe chimodzi cha buluu n'kulumikiza laputopu yawo ku seva mwachindunji, osadzera pa rauta. Anafufuza kwa kanthawi mpaka nambala yakale ija inaoneka. Kenako anati atumiza ping, kauthenga kakang'ono kongogogoda kuti aone ngati kuli woyankha. Ine ndinagwira mpando ndi manja awiri. Pa sikirini yakuda panatuluka mzere wa zilembo zoyera, kenako wina pansi pake, ndi winanso.

"Yayanka," anatero a Mutinta. "Ili moyo, bana Mwila."

Ndinakhala pansi pomwepo. Iwo anakonza rauta kuti izigawa manambala ofanana ndi a seva, n'kunditsegulitsa laputopu ya panyumba, imene inali ikukumbukirabe pasiwedi ya seva. Ndinadina pamalo pomwe paja, ndipo panatuluka mndandanda wa mafayilo, ena olembedwa dzina langa, ena la Mwila. A Mutinta anaimirira n'kutenga chikwama. Ndinawapempha kuti akhale timvere limodzi, koma anakana. "Ivi ni vanu na mwana. Nizabwela na disiki ina tikope, visankale pamalo yamozi." Anabweradi nayo, ndipo mpaka lero amatiyendera.

Ndinadikira Mwila aweruke. Atalowa sindinamulole n'kuvula yunifolomu komwe, ndinamukhazika pamiyendo panga ngakhale wakula, n'kudina fayilo yoyamba ya dzina lake. Kunamveka kukhosomola, mpando kukokedwa, kenako mawu aja, athunthu, okulirapo, ngati munthu wangolowa kuchokera kuntchito.

"Mwila, ni dadi. Wabwela ku sukulu? Lelo mwapunzila chani?"

Kenako kunali zii. Ndinaganiza kuti fayilo yawonongeka, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndidinenso. Mwila anandigwira mkono. Iye anali atamvetsa kale chimene ine ndinali ndisanachidziwe, kuti bambo ake anasiya dala mpata woti ayankhe. "Ma fulakishoni, dadi," anatero. "Yanivuta." Patapita kamphindi mawu aja anabweranso akuseka. "Ehe, ni vamene. Vikavuta usaleke, ufunse ba mami bako. Baziba vambili, bamazibisa chabe." Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi mpaka mwana anandiuza kuti ndikhale chete, akulankhula ndi dadi.

Amuna anga sanabwerere, abale, ndipo sindikunamizani kuti chisoni chinatha. Pali masiku amene sinditha kutsegula mafayilo a dzina langa. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wokwiya, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene anabwera kudzakalipa. Ndikuthokozanso a Mutinta, Ambuye awakumbukire pa tsiku la mavuto awo. Inu amene mwauzidwa kuti chanu chafa ndipo mulibe kanthu, musafulumire kuvomera kuti chifufutidwe. Gwiritsitsani, pempherani ngakhale mawu atuluke okhota, ndipo funsaninso kwa wina. Kwathu ku Chelstone, Mwila akaweruka amaponya chikwama pampando n'kukawauza bambo ake zimene waphunzira, ndipo ine ndimaimitsa makina osokera kuti ndisawasokoneze.