Loya Wochedwa

— Halo? Halo! Kodi ndikumveka kumeneko ku Boma?

— Mukumveka mpaka kumsika. Ndani akukuwa chotere?

— Ndine Hilario, wa ku Namitete. Ndikufuna a Chikoti, womasulira wa kukhoti.

— Alamu! Ndine amene. Tsitsani mawu, waya amanyamula yekha. Mwaswera bwanji?

— Ndaswerako, kaya inu?

— Ndaswera. Nanga mlongo wanga Rozaria? Mukumudyetsa, kapena ndibwere ndidzamutenge?

— Ali bwino, wanenepa kuposa mmene munandipatsira. Ana nawonso ali bwino. Alamu aakazi kumeneko?

— Akudandaula za mtengo wa nsalu, ati nkhondo inatha koma m'sitolo sinathe. Lamya mwaipeza kuti inu?

— Pa ofesi ya esiteti. Kalaliki wandibwereka, ati ndisachedwe, a ku positi amadula.

— Nenani msanga tsono.

— Mzungu wa fodya uja akubwerera kwawo. Akugulitsa nyumba ya kapitawo, ya njerwa ija ili m'mbali mwa msewu wa ku Fort Jameson. Malata ndi abwinobwino, chitsime chili kuseri. Malowo ndi a pepala, si a mudzi ayi.

— Ehe! Ndalama za ku Joni zayamba kutuluka m'botolo?

— Zikukwana theka lokha. Theka linalo ndizipereka chaka ndi chaka ndikagulitsa fodya, nyumbayo ikhale chikole.

— Chikole! Inu amene pofunsira mlongo wanga munapereka kampango kong'ambika, lero mukupereka nyumba yathunthu kwa mzungu?

— Kampango kaja akadali nako m'bokosi, musakanyoze. Mverani, alamu. Mzunguyo akuti tigwiritse ntchito loya wake wa ku Blantyre. Ati sabata ziwiri basi, pepala latuluka, mtengo wake wochepa. Inu mumawaona anthu amenewa kukhoti. Ndivomere?

— Loya wa wogulitsa amadya m'mbale ya wogulitsa. Sakuberani ayi, koma sakufunsaninso kanthu. Alemba dzina lanu, musaina, kwatha.

— Nanga wina alipo?

— Alipo mkulu wina, amabwera kuno khoti lalikulu likakhala. Wochedwa ngati kamba. Amafuna kuona malire ndi maso ake, amafunsa ngati chitsime chili mkati kapena kunja. Ndipo mzere uliwonse amauwerenga mokweza, ine n'kumasulira, mpaka wosainayo anene yekha kuti wamva. Miyezi iwiri, mwina itatu. Halo? Alamu?

— Ndilipo. Ndimatsokomola.

— Chifuwa chomwe chija cha pa Khirisimasi?

— Fumbi la fodya. Kodi wochedwayo angalembe dzina la munthu wamkazi?

— La mkazi? Lamulo silikana. Koma bwanji?

— Ndikufuna palembedwe Rozaria.

— Iii! Amalume anu akamva adzakomoka. Adzukulu awo akuwerengera kale malata amenewo.

— N'chifukwa chake. Mukudziwa kuti Rozaria ndinamutenga chitengwa, anasiya kwanu ku Nambuma zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Munda wake uja alipo akulima?

— Anagawana azing'ono ake, Ezeliya ndi Lines. Mukudziwa zimenezo.

— Ndiye tsiku limene abale anga adzamusudzule, adzapita kuti? Ndi dengu pamutu, ana anayi kumbuyo, kukapempha mizere kwa azing'ono ake?

— Kusudzula kwabwera bwanji apa? Amasudzula wamasiye, inu muli moyo, mukundigonthetsa m'khutu.

— Ndinapita kuchipatala cha mishoni Lachiwiri. Asisitere anamvera pachifuwa nthawi yaitali, kenaka anandifunsa zaka zimene ndinagwira pansi pa mgodi. Si fumbi la fodya, alamu. Ndi la mwala.

— Halo... Ati chiyani tsono?

— Ati dzinja lino ndiliona. Linalo sananene.

— Hilario.

— Musayambe, kalaliki akundiyang'ana. Ine ndafunsa za loya.

— Chabwino. Za loya. Wachanguyo sangavutike ndi dzina la mkazi, adzati zikuchedwetsa mzungu wake. Wochedwayo alemba. Adzalembanso kuti mukachoka inu ngongole itsala bwanji, kuti wina asadzabwere kudzakhoma chitseko. Zotsalazo ndidzathandiza ine, ndi mbumba yanga imeneyo.

— Sindinakupempheni zimenezo.

— Sindinati mwapempha. Koma mvetsani ichi: mkulu ameneyu salola chala papepala mwini wake asanamve. Adzamukhazika Rozaria pampando, adzawerenga kuti "mwamuna wanga akamwalira," ndipo wonena mawu amenewo m'Chinyanja ndidzakhala ine. Kodi mwamuuza?

— Ndimati adinde chala basi, ngati za kutchalitchi.

— Rozaria? Amene amawerenga mazira nkhuku isanaikire? Adzayang'ana ine, adzayang'ana inu, adzadziwa. Musandichititse zimenezo, alamu. Asamve kwa mlongo wake pamaso pa mzungu.

— Akusangalala, a Chikoti. Dzulo anakayesa mazenera ndi chingwe, ati asoka makatani ngati a kwa aphunzitsi. Usiku amandipaka mafuta pamsana, ati chifuwa chitha tikalowa m'nyumba yopanda utsi. Ndiyambira pati?

— Yambirani pomwe mwayambira ndi ine. Munazungulira, koma mwafika.

— Miyezi itatu, eti?

— Ndikamufulumizitsa, mwina iwiri. Koma mukafuna wachangu, nenani. Pepala lituluka msanga, dzina lanu, iye osadziwa kanthu.

— Ayi. Lemberani wochedwayo.

— Ndilemba lero lomwe. Rozaria ali kuti panopa?

— Ali panja, pansi pa mbawa, wagwira njinga. Ndinamuuza kuti ndikufunsa mtengo wa misomali.

— Kuchoka apo kufika kwanu ndi mtunda wautali bwanji?

— Mamailosi anayi.

— Musakwere. Muziikankha njingayo, muyende naye pansi.

— Ndamva. Rozaria akundikodola, ati dzuwa likupita. A ku positi nawonso ayamba kugogoda m'waya. Mupereke moni kwa...

— Loweruka ndibwera pa lole ya fodya. Mumuuze aphike nkhwani wotendera, osati zanu zija za... Halo? Alamu? Halo?