Wothawa ndi Wodzifetsa

Olemekezeka aphunzitsi aakulu, olemekezeka a komiti ya makolo, olemekezeka a bungwe amene mwatimangira chipindachi, aphunzitsi onse, ophunzira anzanga, ndi inu amayi anga mwakhala kumbuyoko, landirani ulemu wanu.

Ambiri mukudabwa kuona mnyamata wosayankhula m'kalasi ali pampando wa mlendo wolemekezeka. Andikhazikapo chifukwa kafukufuku wanga, woyerekeza kalulu wakutchire ndi kachilombo kaja timati kafadala, ndiye anapambana mpikisano umene watibweretsera chipinda cha sayansichi.

Awiriwa ndinkawaonera kuseri kwa bwalo la mpira, kumene ndimabisala pa nthawi yopuma. Kalulu akamva mtswatswa amaimika makutu n'kuliyatsa liwiro mokhotakhota. Kafadala ukangomukhudza amapinda miyendo n'kugona chagada ngati wafa. Oweruza anandifunsa kuti wanzeru ndani, ine ndinati palibe. Kalulu uja agalu anamupanikiza pawaya wa mpanda, ndipo kafadala uja anapondedwa ndi munthu amene sanamuone n'komwe.

Pali zina zimene sindinawauze oweruzawo. Achimwene anga ankaphunzira pompano. Anyamata akuluakulu akatitsekereza kuseri kwa zimbudzi, ine ndinkadzipinda pansi, iwo n'kumandiponda akuseka: "Kasiyeni, kafa kale aka!" Achimwene ankathawa, mawa lake n'kumenyedwa kawiri. Tsiku lina akundipukuta magazi pakamwa anati, "Mphwanga, iwe uzigona. Ine zogona m'fumbi sindizitha." Anachoka pakhomo osabweranso, yunifolomu n'kuisiya pachingwe. Mpaka lero amayi akamva kugogoda amathamangira kuchitseko.

Musawerame anzanga, sinditchula munthu. Koma chaka chino kwabwera ana atsopano, ndipo ena ndawaona ayamba kale kuyenda modziphatika kukhoma, maso ali kumbuyo.

Choncho aphunzitsi aakulu, pempho langa ndi limodzi, ndipo ndalisungira lero dala popeza lero lokha ndi limene ndapatsidwa pakamwa: chipindachi chisamakhomedwe pa nthawi yopuma, ndipo m'menemo muzikhala mphunzitsi, kuti mwana wothamangitsidwa azikhala ndi kolowera. Ndikudziwa kuti muli magalasi osachedwa kusweka. Asweke, bola asweke magalasi.

Ndidikira yankho lanu, bwana, sindikufulumira.

Mwavomera ndi mutu, ndipo makolo onsewa aona.

Pa lonjezo limenelo, ndikulengeza kuti chipinda cha sayansichi chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.